Ndinabwera ndi Kiyibodi Yopanda Ng'oma

Ine ndinakulira pamsewu pa Nsipe, ndikugulitsa mbatatesi kwa anthu a m'mabasi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu kuti munthu amene anapusa m'nkhani ino sanali wongoyamba kumene. Anali katswiri. Ndowa yanga inali yokankhira m'kati kunsi kwake, moti mbatatesi za theka zinkaoneka ngati phiri, ndipo wogula ankachoka akundithokoza. Pa Nsipe malonda satha munthu asananamizire kuchoka. Wogula atchula mtengo wake, iwe useka. Iwe utchula wako, iye agwira pakamwa. Kenako mmodzi wa inu atembenuka n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, ndipo asanaponde kachisanu amva, "Bwerani, bwerani achimwene, tisayambane." Ndinkaganiza kuti dziko lonse lapansi limagula choncho.

Mwana wanga Tamanda ndinamusiya atangogweluka mano akutsogolo. Ndinadzamupeza ukwati wake ataulengeza kale kutchalitchi kawiri. Pa zaka zonse za pakatipo sanandipemphepo foni, nsapato, ngakhale sopo. Anapempha chinthu chimodzi chokha, pafoni, ukwati utatsala miyezi itatu.

"Bambo, paja ku Joniko mumayimba kiyibodi?"

"Kwambiri," ndinatero.

"Ndiye tsiku langa mudzandiyimbire ndinu polowa m'tchalitchi. Zina zonse amalume akonza. Inu mudzangochita chimenecho."

Amene anamuuza kuti ndimayimba kiyibodi ndine ndemwe. Ndinkatumiza zithunzi nditaima kumbuyo kwa makiyibodi, zala zili pamwamba, nkhope ili kumwamba ngati ndagwidwa ndi mzimu. Chimene zithunzizo sizinkaonetsa ndi kansalu kopukutira fumbi kamene kanali m'thumba langa lakumbuyo.

Ndinapita ndi mawu a zaka ziwiri: malata, njinga, ndibwere. Mkazi wanga Nangozo anandikazingira mtedza n'kundimangira m'kachitenje, osalira, osanena zambiri. Bambo anga, amene anasiya mapapo awo kumigodi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Ukagule jekete. Chisanu cha kumeneko chimalowa ndi m'mano momwe." Malangizo anathera pomwepo. Pa basi ndinanenerera mpaka kondakitala anagonja, ine n'kumadzitama mumtima. Nditakwera ndinapeza kuti mpando wa mtengo umenewo unali chigubu cha mafuta pakati pa kanjira. Pofika ku Tete matako anga anali atasiya kundidziwa.

Tinkakhala anthu asanu ndi mmodzi m'galaja, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu. Bedi ndinkagawana ndi Sikelo wa ku Kasinje, mlonda. Iye akamabwera m'mawa ine ndikudzuka, ine ndikamabwera madzulo iye akuvala mabuti, moti bedilo silinazizirepo. Tinkatchulana alamu ngakhale panalibe mlongo wa aliyense amene anakwatiwa. Ndinatchetcha kapinga, ndinatsuka magalimoto, ndinasenza njerwa kwa kapitawo amene ankationa ngati mawilibala olankhula. Masiku a m'pasipoti mwanga anatha mwezi woyamba womwewo, ndiye ndikamva sairini ndinkayamba ndayang'ana kumene kuli mpanda waufupi.

Ntchito yeniyeni inandipeza ndikunenerera. Sikelo ankafuna kawailesi, ndipo tinalowa m'sitolo ina ya katundu wakale m'tauni. Mwini wake anali mzungu wokalamba, ndevu ngati za chimanga chokhwima; ife tinkangoti a Ndevu. Ndinalimbana nawo ola lathunthu m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Ndinanyoza kawailesiko, ndinanyoza eriyo yake, ndinatuluka kawiri. Kachiwiriko anandiitana akuseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Malawi, zimene wandichitazi ungawachite makasitomala anga?"

M'mawa mwake ndinayamba ntchito.

Kutsogolo kwa sitoloyo kunali makiyibodi atsopano, apulasitiki, onyezimira. Kuseri kunali akale. Kwathu zonsezi timangoti kiyibodi, koma a Ndevu ukatchula choncho zakuserizo nkhope inkafiira. Ankati ndi masinthesaiza. Panali imodzi imene ankaikonda koposa: m'mbali mwake matabwa enieni, kulemera ngati thumba la feteleza, makiyi achikasu ngati mano a munthu wosuta, ndipo pamwamba pake timitu topotokola tambirimbiri, mizeremizere.

"Malawi, bwera umve."

Anadina kiyi imodzi pa yatsopano. Inalira bwinobwino, mwaukhondo, ngati wowerenga nkhani pawailesi. Kenako anadina imodzi pa yakaleyo n'kumapotokola kamutu pang'onopang'ono. Abale, mawuwo sanalowere kukhutu. Analowera m'mimba. Anayambira pansi ngati ng'ombe yamphongo ikubuula m'khola m'mawa wa chisanu, n'kumatseguka, n'kumatseguka, mpaka galasi la pawindo linayamba kunjenjemera.

"Wamva? Yatsopano ija ndi chithunzi cha ng'ombe. Iyi ndi ng'ombe."

"Zoona bwana," ndinatero, "koma chithunzi sichidwala."

Ndipo inkadwaladi. Ukaiyatsa m'mawa unkayenera kuidikira itenthe kaye, ngati nkhalamba yoothera dzuwa, apo ayi inkayimba mokhota. Kukatentha masana inkakwera yokha, iwe osaikhudza. Ukadina makiyi atatu pamodzi inkasankhapo imodzi, enawo n'kuwanyalanyaza. Kuiwala kwake ndiye musanene: upeza mawu okoma lero, wina n'kugunda kamutu kamodzi, apita basi. A Ndevu ankajambula papepala kumene kamutu kalikonse kaloza, ngati mapu a munda. Pamene yatsopano, mayo ine! M'kati mwake muli limba, gitala, malipenga, kwaya yathunthu, ngakhale mvula. Chala chimodzi kumanzere, ng'oma ndi besi zayamba zokha. Woyimba akakweza nyimbo, pali batani loti imutsatire. Siiwala kanthu, imadya mabatire a tochi, ndipo umainyamula m'khwapa ngati nkhuku.

Ndiye angagule yakale ndani? Ndinaphunzira msanga. Abusa ndi makwaya ankagula zatsopano, ndipo funso lawo linali limodzi: "Ili ndi mabiti angati?" A Ndevu tsiku lina anakokera m'busa wina kuseri kuti amve ng'ombe yawo. M'busayo anamvetsera mwaulemu, nati, "Yabwino. Ikayamba kuyimba mundiuze." Zakale zinkagulidwa ndi azungu achinyamata a mathalauza ong'ambika m'mawondo, anthu oti ukakumana nawo panjira ungawagawire buledi. Ankasisita matabwawo, kununkhiza kumbuyo kwake, kutsinzina. Munthu akangotsinzina pa katundu wanga ndinkadziwa kuti wagula kale, ine n'kungokweza.

A Ndevu anandiphunzitsa kuwotcherera nthambo, ndi kumva ndi chala pamene waya wathyokera m'kati mwa khungu lake. Kukakhala kulibe makasitomala ndinkakhala pa yakaleyo n'kumafufuza nyimbo za kutchalitchi kwathu ndi chala chimodzi. Linali banja loyenerana: ine chala chimodzi, iyo liwu limodzi. Pa yatsopano ndinkachita manyazi, chifukwa imafuna manja onse awiri ndipo imaulula munthu. Pa yakaleyo ndinali woyimba.

Panali masiku ena amene ife alendo tinkasakidwa m'misewu. Tsiku lina zinayamba masana, Sikelo atabwera kudzandiona. A Ndevu anatsitsa chitseko chachitsulo, tonse atatu n'kukhala kuseri. Panja kunali kukuwa, magalasi akusweka, mapazi akuthamanga. Sikelo, pofuna kubisa mantha, anayamba kundinyoza.

"Alamu, mumati makina anuwa amatha zonse. Angalire ngati mphepo ya kwathu?"

Ndinadina pa yatsopano, pakuti ili ndi batani la mphepo. Inaomba, fuu, n'kubwerezanso chimodzimodzi, fuu.

"Imeneyo ndi mphepo ya m'firiji," anatero Sikelo.

A Ndevu atamva zimene tikukangana anakhala pa yakale ija n'kuyamba kupotokola. Kunatuluka mkokomo.

"Auzeni kuti ya kwathu ili ndi udzu," anatero Sikelo.

Ndinawauza. Anapotokola kwina.

"Ichepe pang'ono. Ikhale ngati ikuchokera kuphiri, ikufuna kugwetsa tsindwi koma ikuchita ulesi."

Anapotokolanso, khutu lili pa sipika. Sikelo anapendeketsa mutu. Kenako anati, "Imeneyo," n'kukhala pansi pasimenti, msana kukhoma. Tinamvetsera mphepo ya ku Kasinje mpaka panja panazizira. A Ndevu anaiwala kujambula timitu tsiku limenelo, ndipo mphepo imeneyo sitinaipezenso.

Zaka ziwiri zija zinabala zinzake. Ndinkatumiza, nthawi zina osatumiza. Malata anagulidwa, nyumba inamangidwa pamalo a kwawo kwa Nangozo, pakuti ine ndine mkamwini, ndipo mlamu wanga a Ngozo ndi amene anayang'anira amisiri. Ndi a Ngozo omwewo amene ankapita kusukulu Tamanda akamuuza kuti abwere ndi kholo. Kubwera ndinkafuna, koma munthu wa mapepala otha akatuluka sabwereranso, ndiye chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa. Bambo anga anamwalira. Maliro ndinawamvera pafoni, nditaima kuseri kwa sitolo pafupi ndi mabini. Sikelo ankakonda kunena kuti, "Alamu, inu mudzanenerera ndi bokosi lomwe." Chifuwa chitamutenga ndinanenereradi bokosi lake, ndipo ananditsitsira. Anabwerera ku Kasinje pa ngolo ya kumbuyo kwa basi, pakati pa firiji ya munthu ndi matayala. Kuyambira pamenepo bedi ndinkalipeza lozizira.

Mwezi umene Tamanda anayimba foni ija ndi umenenso a Ndevu anatseka sitolo. Manja anali atayamba kunjenjemera, waya osalowanso pabowo, ndipo mwana wawo wa kutsidya kwa nyanja anawaitana. Tsiku lomaliza anaika zinthu ziwiri patebulo: kiyibodi yatsopano ili m'katoni mwake, ndi ng'ombe ija.

"Sankha chimodzi, Malawi. Cha ukwati wa mwana wako."

Munthu wamba akanatenga ya m'katoni n'kukakwera basi. Koma ine si munthu wamba. Mutu unathamanga: ndigulitsa yakaleyi kwa a mawondo ong'ambika, ndigule yatsopano yoposa iyi, suti, ng'ombe yeniyeni ya paukwati, ndipo m'miyezi yotsalayi ndiphunzire manja awiri. Ndinaloza yakaleyo. A Ndevu anandikumbatira, misozi ili m'ndevu. Iwo ankaganiza kuti ndasankha chifukwa cha chikondi. Anandipatsanso mapepala awo a timitu aja.

Wogula weniweni anapezeka mochedwa, basi yanga ili Lachisanu la mlungu womwewo. Ankakhala m'nyumba ya mpanda wautali, geti lotseguka lokha. Ndinachita hayala pikapu ya munthu wina wa ku Mozambiki, imene inaima panja pa geti. Mzunguyo anaiyatsa makinawo, anaidikira itenthe osauzidwa, n'kuyimba theka la ola atatsinzina. Atatsegula maso anatchula mtengo.

Sindiutchula pano, chifukwa Nangozo amadziwa kuwerenga. Ndingoti unali wogulira galimoto. Inali minibasi, yoyenda, ya matayala onse anayi. Koma unali mtengo woyamba, ndipo munthuyo anali atatsinzina. Pa Nsipe wolandira mtengo woyamba amakhala kuti katunduyo waba, kapena waledzera. Pakamwa panga panaseka pokha.

"Bwana, mukucheza. Apo ndiye mwagula matabwa okhawo."

Ndinatchula wanga. Iye anakanda m'mutu, nati, "Pepani, pamenepo sindingafike. Zikomo pobwera nayo." Kenako anagwira mbali imodzi kundithandiza kunyamula. Mumtima ndinati, eya, uyu ndi mnzanga, masewerawa amawadziwa. Tinaikweza m'pikapu. Iye anabwerera m'kati mwa mpanda. Ine ndinazungulira galimoto pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato. Nsapato zake zinali zopanda zingwe. Nditaweramuka geti linali likutsekeka lokha, mwaulemu, mopanda phokoso, iye akundibayibitsa.

Tinakhala pamsewupo injini ili chizimire.

"Tikudikira chiyani?" anafunsa dalaivala.

"Atiitana."

Anayang'ana mpanda, anayang'ana ine. "Kwanu ndi kuti kodi?"

Ndinapirira masiku awiri kuti asaone ngati ndili ndi njala. Lachitatu lake ndinayimba foni, mawu nditawafewetsa. Anati wapeza ina pa intaneti, ikubwera pa ndege. Ena amene ndinawayesa ankafuna akaunti ya kubanki, risiti, chiphaso, mlungu wamawa. Lachisanu linafika. Pachipata cha dzikolo anandidinda chidindo choti ndisaonekenso kwa zaka zingapo, ndipo ng'ombe yanga, itakulungidwa m'mabulangete awiri, inakwera ngolo ya kumbuyo.

Pa Nsipe ndinatsika popanda wondidziwa. Ogulitsa mbatatesi anandithamangira ndi ndowa, "Bwana, bwana, izi za lero." Wa njinga yamoto ananditchulira mtengo wa alendo, ndipo ndinalibe mphamvu yonenerera.

Kwathu munthu akachokera ku Joni katundu samasulira kuchipinda. Amamasulira pakhonde, abale onse ali pamphasa, kuti aliyense aone chimene chinamusunga munthu zaka zonsezo. Nangozo anandilonjera atagwada patali, "Mwayenda bwanji?" ngati ndine mlaliki wa mpingo wina. Imvi zinali zitatulukira m'mphepete mwa duku. Tamanda anali wamtali kuposa amayi ake, mano onse ali m'malo. Anandigwira dzanja n'kuyang'ana zala zanga nthawi yaitali.

Ndinamasula mabulangete. Onse anasendera pafupi.

"Ndi kabati?" anafunsa azakhali ena.

"Ndi sinthesaiza. Ku Joni azungu amalimbirana."

A Ngozo anaizungulira, manja ali kumbuyo. "Ndiye bwanji sanaitenge, alamu?"

"Sitinagwirizane mtengo."

"Ehe." Anagogoda thabwa ndi chala. "Koma thabwa lake ndi labwino. Ng'oma zake amayatsira pati?"

"Ilibe ng'oma."

"Ilibe." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Akuti ilibe. Katundu wina akubwera pambuyo, alamu?"

Nangozo anayamba kupinda mabulangete aja. Pa zonse zimene ndinabwera nazo, amenewo okha ndi amene anaona ntchito yake. Tamanda ndi amene anandipulumutsa. "Tikaimve Lachinayi kutchalitchi, amalume. Tili ndi zoyeserera."

Apa ndi pamene ndinazindikira kutalika kwa nthawi imene ndinasowa. Ine pochoka, mkwatibwi ankalowa m'tchalitchi akuyenda mwamanyazi, nkhope ili pansi, nyimbo yapang'onopang'ono, yoti chala chimodzi chingaikwanitse. Masiku ano amalowa ndi masitepe. Operekeza awiriawiri, kuponda kumanzere, kumanja, kutembenuka, kuwomba m'manja, zonse pa biti, ndipo amayeserera mwezi wathunthu. Kwaya ili ndi kiyibodi yake ya pulasitiki, makiyi awiri omata ndi selotepi, imene amayimba a Lufeyo, telala wa pamsika. Magetsi ake ndi a kajenereta kamene amakaika kuseri kwa windo.

Yanga tinasenza ine ndi a Ngozo, ndipo iwo anafika akupuma ngati akwera phiri. Ndinaiyatsa n'kupinda manja.

"Yafa?" anafunsa a Lufeyo.

"Ikutentha kaye."

"Ndi kiyibodi kapena mbaula?"

Operekeza anaseka. Ine ndinatulutsa pepala la a Ndevu, ndinaloza timitu tonse m'malo mwake, n'kudina. Ndinene zoona apa, pakuti m'nkhani ino zondikomera n'zochepa: kuseka kunatha. Mawu aja anayenda pansi pa mabenchi, anakwera m'zipupa, malata n'kuyamba kuyankha. Ndinayimba ndi chala changa chija nyimbo yakale yolowera. Amayi ena achikulire amene ankasesa anasiya tsache n'kukhala pansi. Tamanda anali chiimire pakhomo, dzanja lili pachifuwa. Mphindi imeneyo ndinalakalaka a Ndevu akanakhalapo.

Kenako mayi wotsogolera kwaya anayambitsa nyimbo ya masitepe, ndipo anaiyambira pamwamba, monga amachitira akasangalala. A Lufeyo zikatero amangodina kabatani kaja. Ine ndinayamba kusakasaka ndi chala ngati nkhuku padzala. Ndisanapeze, kutentha kwa pansi pa malata ndi kupumira m'mwamba kwa jenereta zinali zitawakweza makinawo, moti kwaya inali uku, ine uko. Operekeza anaima mwendo uli m'mwamba.

"Tiponde pati, madala? Biti ili kuti?"

"Muziwerenga mumtima."

"Mumtima!"

Mmodzi potembenuka anakola timitu ndi chitenje chake. Ng'ombe ija inasanduka nkhumba yogwidwa mwendo. Tchalitchi chonse chinafa ndi phwete, ndi amayi a tsache omwe. Ndikufunafuna papepala kuti kasuntha ndi kati, a Lufeyo anadina batani limodzi. Ng'oma, besi, malipenga, zonse pakamodzi, zopyapyala ngati chitini, zabodza kuyambira kumutu mpaka kumchira. Mizere inawongoka. Mapazi anagwa pamodzi. Ndinayang'ana pansi, ndinapeza langa lomwe likugunda.

Tamanda anandipeza panja, nditakhala pa mulu wa njerwa. Anakhala pambali, osati pafupi kwenikweni.

"Mawu ake ndi okoma, bambo. Sindinamvepo otere."

"Ukuona? Ikangozolowera nyengo ya kuno basi."

"Koma ndi a pamaliro. Pamene mumayimba paja, ine ndimaona bokosi la agogo likutuluka, inu kulibe." Ananena mosakweza mawu, akuthothola ulusi wa chitenje. "Ine ndikufuna ndilowe ndikuvina. Ayimba a Lufeyo."

"Ndime yoyamba yokha, mwanawe. Ndiyambe ine, amalize iwo."

"Ayi, bambo."

"Theka la ndime. Ukangofika pakhomo, kamodzi kokha, buu, basi."

"Bambo." Anandiyang'ana ndi maso a amayi ake. "Pano si pamsika."

Miyendo inafuna kunyamuka mwa chizolowezi. Ndinaikaniza. Mwana ameneyu ndinali nditamuchokera kale kamodzi.

"Mudzakhale pa benchi yachiwiri, kumbuyo kwa amalume," anatero. "Ndikamalowa ndidzakupezeni pamenepo. Zimenezo zikwanira."

Sinthesaiza ija tsopano ili kuchipinda chosungira mbewu. Nangozo anayalapo nsalu, amaikapo nyali. Mudzi wathu ulibe magetsi, mphemvu zalowa m'kati, ndipo a Ngozo afunsa kale kawiri za thabwa lija. Ine ndimapalira m'munda wawo wa mbatatesi. Kupita nazo kumsewu amapita okha. Koma ndimalize za ukwati.

Loweruka lake ndinavala jekete yanga ya ku Joni n'kukhala pa benchi yachiwiri, monga anandiuzira. Tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Operekeza anandanda panja, Tamanda ali kumapeto kwenikweni kumene sindinkamuona. A Lufeyo anadina, ng'oma zinayamba, awiri oyamba analowa akuponda bwinobwino. Kenako zii. Kiyibodi yazima. Inayakanso, n'kuzimanso. A Lufeyo anaimenya pambali, anasuzumira pawindo, jenereta ikulira bwinobwino. Thukuta linayamba kudontha pa makiyi. Operekeza anaima pakati pa kanjira akuyang'anana, ndipo kumbuyo anthu anayamba kung'ung'udza.

Ine ndinali nditaona kale. Kanthambo ka magetsi kanali katathyokera m'kati, pamene kamalowera kumbuyo kwa kiyibodi. Zoterezi ndakonza zosawerengeka. Zimafuna chowotcherera ndi mphindi zisanu. Panalibe chowotcherera, panalibenso mphindi. Ndinadutsa kutsogolo kwa anthu chowerama, ndinalowa kuseri kwa tebulo, ndinagwada, n'kukatsina kanthamboko ndi zala ziwiri, kukapinda pang'onopang'ono mpaka kanagwira. Ng'oma zinabwerera. Tchalitchi chinakuwa.

Ndinayesa kusuntha bondo kuti ndisuzumire. Ng'oma zinadukiza.

"Musagwedezeke, madala!" ananong'oneza a Lufeyo.

Ndinabwerera mmene ndinalili: nkhope kukhoma, nsalu ya patebulo ili paphewa, sipika ikundipumira m'khutu. Kutsogolo kwanga kunali njerwa ndi mzere wa nyerere.

Ndinamva operekeza akudutsa awiriawiri, simenti ikunjenjemera m'mawondo mwanga. Kenako nthungululu zinasintha, zinakwera, amayi akuitana dzina lake, ndipo pakati pa onsewo ndinazindikira mawu a Nangozo, amene chibwerere ndinali ndisanawamve atakwera. Mkono unachita dzanzi mpaka m'phewa.

"A Lufeyo," ndinatero, "walowa?"

"Walowa."

"Akuvina?"

"Akuvina, madala. Wafika pa benchi yachiwiri. Akuyang'anayang'ana."

"Mulozereni kuno."

"Ndi dzanja liti? Gwirani nthambo."

Ndinagwira.